Agalu Osakira Nguluwe Akavulala Kapena Kudwala: Poyambira Kufufuza ndi Polekezera

Chimanga chikayamba kukhwima, ndiponso m'chilimwe pamene chinangwa ndi mbatata zili m'nthaka, alimi a m'mphepete mwa phiri la Michiru ndi a m'zigwa zotsikira ku Shire amadandaula za nguluwe zomwe zimafukula minda usiku. Ena amaweta agalu oti aziingitsa kapena kusakira nyamazi, ndipo dandaulo lomwe limamveka chaka ndi chaka ndi lakuti galu wodalirika wafa patangopita masiku ochepa chibwerereni kutchire. Mwini wake amati yamupha ndi nguluwe, koma kawirikawiri nguluwe imangoyamba, ndipo chomaliza galuyo chimakhala bala lomwe silinatsukidwe, nkhupakupa zomwe zinasiyidwa pathupi, kutenthedwa, kapena mankhwala a anthu omwe anamwetsedwa ndi mtima wofuna kumuthandiza. Malangizo awa asanjidwa motsatira zimene mukuona pa galuyo, ndipo pansi pa chizindikiro chilichonse zoyambitsa zalembedwa kuyambira chofala kwambiri kufikira chosowa.

Dziwani kaye kuti Michiru ndi malo otetezedwa, chimodzimodzinso Majete ndi Lengwe ku Chikwawa, ndipo kulowamo ndi agalu kukasaka ndi mlandu pansi pa lamulo loteteza nyama zakutchire, lomwe zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2017. Ngakhale kunja kwa malo amenewa, munthu amene nguluwe zikumuwonongera mbewu ayambe wafika ku ofesi ya nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire (Parks and Wildlife) kapena kwa alangizi a zaulimi, kuti auzidwe zimene lamulo likumulola kuchita ndi chilolezo chimene chikufunika.

## Yenderani galu aliyense tsiku lomwelo

Galu wochokera kosaka sasonyeza ululu msanga, ndipo ubweya umabisa mabala omwe maso okha sangawaone. Musadikire kuti ayambe kulira kapena kukana chakudya. Mukangofika pakhomo, ndipo ngati kwada muyatse tochi, chitani izi:

- Yendetsani manja mosemphana ndi ubweya kuyambira kukhosi, pachifuwa, m'khwapa, pamimba, mkati mwa ntchafu mpaka pakati pa zala.
- Tukulani mlomo muone nkhama. Za galu wabwinobwino zimakhala zofiirira ndi zonyowa, ndipo mukazidina ndi chala mtundu wake umabwerera pasanathe masekondi 2.
- Ngati muli ndi choyezera kutentha kwa thupi, dziwani kuti galu wathanzi amakhala pa madigiri 38 mpaka 39.
- Galu amene akumva ululu amaluma ngakhale mwini wake, choncho mumangeni pakamwa ndi kansalu, pokhapokha ngati akusanza kapena akubanika.

M'thumba la kosaka muzikhala chitenje chochapa chong'ambidwa m'zidutswa, botolo la madzi owiritsa, mchere, sirinji yopanda singano, sizasi, ayodini, ndi nambala ya foni ya alangizi a ziweto a m'dera lanu.

## Galu ali ndi bala, magazi akutuluka

Zoyambitsa:

1. Mano a nguluwe. Mano ake a m'munsi ndi aafupi poyerekeza ndi a njiri, koma amanoleka okha pokhudzana ndi a m'mwamba, ndipo nyamayi imamenya itazolika mutu n'kutukulira m'mwamba. N'chifukwa chake mabala ake amapezeka kunsi kwa khosi, pachifuwa, m'khwapa, pamimba ndi mkati mwa ntchafu.
2. Kulumana kwa agalu okhaokha, makamaka polimbirana nyama ikagwa.
3. Waya wa msampha, zitsa zosongoka ndi mpanda wa waya waminga.
4. Mkondo kapena chikwanje cha mlenje mwini, pamene walasa agalu ali pafupi ndi nyama.

Metani ubweya mozungulira bala kuti muone kukula kwake kwenikweni. Bala lalitali lotseguka limaopsa maso, koma nthawi zambiri ndilo losavuta, chifukwa zonyansa zimatuluka ndipo mumaona pamene lalekezera. Loyenera kuliopa ndi kabowo kongokwana nsonga ya chala, pakuti dzino limalowa pamenepo n'kung'amba mnofu mkati, kusiya mphako yodzaza matope ndi ubweya pansi pa khungu looneka labwino. Sisitani khungu lozungulira, ndipo mukamva likuphwanyika ngati mukufinya jumbo, ndiye kuti mwalowa mpweya, ndipo balalo likakhala pachifuwa kapena pakhosi liyenera kuonedwa ndi dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.

Zochita:

- Dinikizani balalo mwamphamvu ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osatukula kuti muone. Nsalu ikanyowa, sanjikizani ina pamwamba pake.
- Magazi akaleka, sungunulani supuni yaing'ono imodzi ya mchere mu theka la lita la madzi owiritsa atazizira, ndipo tsukani mkati mwa bala ndi sirinji mobwerezabwereza mpaka madzi otuluka atayera.
- Pakani ayodini wosungunula ndi madzi ambiri, ndipo bwerezani kutsuka kawiri pa tsiku.
- Musasoke bala lakuya ndi ulusi wa pakhomo, chifukwa mukatero mwatsekera litsiro mkati.
- Musathiremo oyilo wa galimoto, palafini, asidi wa batire, phulusa kapena dothi. Zonsezi zimapha mnofu womwe ukanapola.
- Musamange mwendo ndi mphira n'kuusiya, pakuti mwendo wosayenda magazi umafa.

Lekani, pitani kwa dokotala wa ziweto mosazengereza ngati magazi akuthamanga mopopa kapena sakuleka mutadinikiza kawiri, ngati bala la pachifuwa likuchita thovu kapena likumveka mpweya galu akamapuma, ngati bala lili pa diso kapena polumikizira mafupa, ndiponso ngati matumbo atuluka. Bala la pachifuwa liphimbeni ndi pulasitiki woyera n'kukulunga nsalu. Matumbo musawakankhire mkati, koma aphimbeni ndi nsalu yonyowetsa m'madzi a mchere aja, mukulunge mimba ndi chitenje mosathina, ndipo galuyo asadye kanthu. Mnyamuleni pa thumba kapena pa thabwa, asayende yekha. Bala limasokeka bwino m'maola ochepa oyambirira, choncho kugona nalo usiku wonse kumachepetsa zimene dokotala angachite. Mumzinda wa Blantyre muli madokotala a ziweto oima paokha komanso bungwe losamalira nyama la Blantyre SPCA, ndipo a kumidzi ayambe ndi alangizi a ziweto a ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lawo (EPA), monga ya Lunzu kapena ya Kunthembwe.

## Patapita masiku awiri kapena atatu, pamalo patupa kapena pakununkha

1. Bala lomwe linatsekeka pamwamba pomwe mkati muli litsiro, tsopano lasanduka chithupsa.
2. Mphutsi zochokera ku mazira a ntchentche, makamaka m'nyengo yotentha ndi ya mvula.
3. Chinthu chotsalira mkati, monga munga, kachidutswa ka waya kapena nthenga ya nungu yothyoka.
4. Galu mwini kunyambita ndi kutafuna balalo usiku wonse.

Chotupa chotentha, chofewa pakati, chomwe galu akukana kuti muchigwire, chimakhala ndi mafinya. Thowani ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda kangapo pa tsiku, ndipo chikaphulika chokha tsukani ndi madzi a mchere n'kuchisiya chotseguka. Mphutsi zichotseni imodziimodzi ndipo funsani alangizi mankhwala opopera pa zilonda za ziweto, omwe amaingitsa ntchentche. Kuti galu asanyambite, chibekete chakale chodula matako chomangirira pa lamba wa m'khosi chimagwira ntchito.

Apa ndi pamene agalu ambiri amaphedwa ndi chifundo cha eni ake. Panado, Brufen, Indocid ndi diclofenac ndi mankhwala a anthu, ndipo mwa galu amatha kuwononga chiwindi, kutsegula zilonda m'mimba kapena kupha impso, ngakhale mlingo wake ukuoneka wochepa kwa munthu wamkulu. Makapusozi otsala m'nyumba nawonso sathandiza, chifukwa kupereka awiri kapena atatu n'kusiya kumangogonetsa matenda kwa masiku ochepa. Mankhwala opha ululu ndi olimbana ndi tizilombo alembedwe ndi dokotala wa ziweto malinga ndi kulemera kwa galu, ndipo amwedwe mpaka kutha.

Itanani dokotala ngati galu watentha thupi ndi kusiya kudya, ngati khungu lozungulira bala likuda kapena kuzizira, kapena ngati kutupa kukufalikira mwendo wonse.

## Galu wagwa kutchire, ali wefuwefu kapena akudzandira

1. Kutenthedwa. Galu satuluka thukuta thupi lonse monga munthu, amazizira popuma ndi lilime, ndipo mu Okutobala ndi Novembala, makamaka kumalo otsika monga Chileka, Lirangwe ndi njira yotsikira ku Chikwawa, galu wokonda kusaka amathamanga mpaka kugwa. Lilime limatalika n'kufiira kwambiri, malovu amakhala olemerera, ndipo kutentha kwa thupi kumapitirira madigiri 40.
2. Kutha mphamvu chifukwa cha njala. Alenje ena amamana agalu chakudya pokhulupirira kuti wanjala ndiye amasaka bwino, koma galu wotere amayamba kunjenjemera ndi kudzandira pakati pa ulendo, ndipo amalephera kuzinda nguluwe ikatembenuka.
3. Kutaya magazi mkati mwa thupi atamenyedwa ndi mutu wa nguluwe. Nkhama zimayera, miyendo imazizira, mimba imatha kufufuma, ngakhale kunja kulibe bala.
4. Njoka. Mphiri imaluma kumaso kapena mwendo wakutsogolo ndipo pamatupa mofulumira ndi ululu waukulu.
5. Poizoni, makamaka tameki amene anthu ena amaika m'nyambo pofuna kupha nyama zowononga mbewu.

Nkhama ndizo zimasiyanitsa msanga. Zikafiira kwambiri ganizirani kutenthedwa, zikayera ganizirani magazi. Galu wotenthedwa mupititseni pamthunzi ndi kumuthira madzi ozizira thupi lonse, makamaka pamimba ndi m'khwapa, kwinaku mukumukupiza. Yambani kumuziziritsa pomwepo musanayambe ulendo wa kwa dokotala, ndipo musamufunditse nsalu yonyowa, chifukwa imasunga kutentha. Madzi akumwa mumpatse pang'onopang'ono ngati akutha kumeza yekha. Wanjala mumpake uchi kapena shuga wosungunula m'nkhama, ndipo akatsitsimuka adye pang'ono.

Polumidwa ndi njoka musatemepo mphini, musayamwe ndipo musamange. Mnyamuleni galuyo kuti asayende. Ngati walavuliridwa malovu a njoka m'maso, tsukani masowo ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali. Kutaya magazi mkati, kulumidwa ndi njoka, poizoni, ndi kutenthedwa komwe kwafika pokomoka kapena kutsegula magazi, zonsezi si za pakhomo.

Zambiri mwa izi zimapeweka potuluka mbandakucha n'kubwerera dzuwa lisanakwere, ponyamula madzi a agalu, ndi powadyetsa mokwanira madzulo a dzulo lake. Chakudya chambiri asapatsidwe atangotsala pang'ono kuthamanga kapena asanapume bwino atabwerako.

## Galu akutsimphina

1. Munga kapena njere ya udzu pakati pa zala.
2. Kung'ambika kwa kuphazi pa miyala, kapena kupsa poponda lupsa lomwe silinazizire.
3. Chikhadabo chothyoka.
4. Kubinya kapena bala la dzino lobisika m'ntchafu.
5. Waya wa msampha womwe walowa m'mnofu n'kukwiririka ndi kutupa.
6. Fupa lothyoka.

Yambani kuphazi kukwera m'mwamba, mukuyerekeza ndi mwendo winawo. Zitatu zoyambirira ndi kubinya zimapola ndi kutsuka komanso kupumula, ndipo galuyo asapitenso kutchire mpaka atayenda bwino kwa sabata yathunthu. Mwendo womwe ukulendewera, wopindika pamalo posayenera, kapena womwe galu sakuupondera konse patatha tsiku limodzi, uonedwe ndi dokotala.

## Galu wafooka, sakudya, nkhama zayera kapena zachita chikasu

Chizindikiro ichi chimabwera mochedwa, nthawi zina patapita sabata ziwiri kapena zitatu, kotero eni ake sachigwirizanitsa ndi ulendo wa kutchire.

1. Malungo a nkhupakupa otchedwa babesiosis. Tizilombo take timaswa maselo ofiira a magazi, motero galu amatentha thupi, nkhama zimayera kenaka n'kuchita chikasu, ndipo mkodzo umatha kufiira kapena kuda. Galu wamphamvu akhoza kufa m'masiku ochepa.
2. Njoka za m'mimba zoyamwa magazi, makamaka mwa ana agalu ndi agalu ogona pa dothi lonyowa. Chimbudzi chimakhala chakuda ndi chomata.
3. Matenda ena a nkhupakupa otchedwa ehrlichiosis, omwe amayenda pang'onopang'ono, kuwondetsa galu ndi kumutulutsa kamfuno.
4. Matenda ofalitsidwa ndi ntchentche za kashembe, mwa galu amene anapitako kufupi ndi madera omwe zimapezeka, monga Liwonde ndi Nkhotakota. Maso amachita ng'ala ndipo mutu umatha kutupa.

Yang'anani nkhupakupa m'makutu, m'khosi, pakati pa zala ndi kunsi kwa mchira. Zichotseni pogwira pafupi ndi khungu n'kukoka mowongoka, osazitentha ndi moto kapena kuzithira palafini. Koma kuchotsa nkhupakupa sikuchiza galu amene wadwala kale. Matenda anayiwa amafanana kwambiri pooneka, ndipo chowasiyanitsa ndi kuyeza magazi ndi chimbudzi kwa dokotala.

Ndikuchenjeza mwapadera za jekeseni ya Berenil, yomwe alimi ambiri amaidziwa chifukwa cha ng'ombe. Mankhwalawa amachizadi malungo a nkhupakupa mwa agalu, koma mlingo wochiza ndi mlingo wowononga ubongo ndi woyandikana kwambiri, ndipo kubaya mongoyerekeza kulemera kwa galu, kapena kubwereza mawa lake chifukwa sanadzuke msanga, kumapha galu amene akanachira. Ehrlichiosis nayo imafuna mankhwala ena, doxycycline, omwe amamwedwa kwa masiku pafupifupi 28. Galu wa nkhama zoyera asapatsidwe tsiku lina loyembekezera.

Popewa, gwiritsani ntchito mankhwala a nkhupakupa olembedwa kuti ndi a agalu, pa mlingo wolembedwa pa botolo, osati dibi ya ng'ombe yosungunula mongoganizira. Tsukaninso khola ndi ming'alu ya khoma lake, chifukwa nkhupakupa ya bulauni ya agalu imaswana momwemo. Mankhwala a njoka za m'mimba aperekedwe miyezi 3 iliyonse.

## Galu akusanza kapena kutsegula m'mimba

1. Kudya matumbo ndi zam'kati zosaphika za nguluwe, kapena nyama yowola kutchire.
2. Mafupa, makamaka ophika, omwe amasweka mosongoka.
3. Njoka za m'mimba.
4. Matenda opatsirana otchedwa parvo, mwa ana agalu ndi agalu osabayidwa katemera. Amasanza kosalekeza n'kutsegula magazi onunkha kwambiri.
5. Poizoni.

Mwambo wopatsa agalu zam'kati pamalo pomwe nyama yagwera ndi wakale, ndipo cholinga chake n'chomveka, koma gawo lawolo liziphikidwa kaye, pakuti nyama yosapsa ya nguluwe imanyamula tizilombo tovutitsa agalu ndi anthu omwe. Galu wamkulu amene wasanza kamodzi koma ali wansangala apume kudya kwa theka la tsiku, amwe madzi pang'onopang'ono, kenaka adye phala kapena mpunga wofewa. Tsinani khungu la pamsana n'kulisiya, ndipo likachedwa kubwerera ndiye kuti madzi atha m'thupi. Magazi m'masanzi kapena m'chimbudzi, kusanza kopitirira tsiku, mimba yofufuma pomwe galu akuyesa kusanza osatulutsa kanthu, ndi mwana wagalu aliyense wotsegula magazi, zonsezi n'zofunika dokotala. Wokayikiridwa parvo apatulidwe kwa anzake nthawi yomweyo.

## Galu akuwonda, ubweya ukuthothoka, kapena ali ndi timatuza

Chofala kwambiri ndi chakudya chosakwanira. Mkute ndi madeya okha sizingasunge galu wothamanga mapiri, choncho phala lake lizisakanizidwa ndi bonya kapena usipa, ufa wa soya wokazinga, mazira ophika, ndi mafuta pang'ono. Chachiwiri ndi utitiri ndi njoka za m'mimba. Chachitatu ndi mphere, zomwe zimayamba m'mphepete mwa makutu ndi m'zigongono ndipo zimachizika ndi mankhwala a kwa alangizi, osati oyilo wakuda. M'dzinja onaninso timatuza tokhala ndi kabowo pakati, makamaka pamimba ndi m'miyendo, momwe mumakhala mphutsi imodziimodzi yochokera ku mazira a ntchentche oikiridwa pa dothi logonapo galu. Pakani Vaseline pa kabowoko kuti mphutsiyo isowe mpweya, ndipo ikasuzumira ifinyeni ituluke yathunthu. Galu wobwera akudzikanda mwamisala atadutsa m'chitedze amangofunika kumusambitsa ndi madzi ambiri ndi sopo.

## Galu akutuluka dovu kapena wasintha khalidwe

1. Fupa kapena kamtengo kopingasa m'kamwa.
2. Poizoni monga tameki kapena dibi yokhathamira. Dovu limakhala lambiri, minofu imanjenjemera, galu amasanza ndi kutsegula, timaso takuda timachepa kwambiri, ndipo zonse zimachitika mwadzidzidzi.
3. Kuluma chule.
4. Chiwewe.

Ngakhale chiwewe chili kumapeto kwa mndandandawu, muzichiganizira poyamba, chifukwa cholakwa apa chimatengera moyo wa munthu. Galu wachiwewe nthawi zina amaoneka ngati watsamwa ndi fupa, nsagwada itagwa ndipo akulephera kumeza, ndipo anthu amatenga matendawa popisa dzanja m'kamwa kuti amuthandize. Galu wosaka ali pa chiopsezo chachikulu kuposa wa pakhomo, pakuti amakumana ndi nkhandwe, afisi ndi agalu oyendayenda. Ngati galu wofatsa wayamba kulusa, wolusa wayamba kufatsa modabwitsa, kauwidwe kasintha, akutafuna miyala ndi mitengo, kapena miyendo yakumbuyo ikufa, mutsekereni pamalo poti asafikire munthu kapena chiweto, ndipo itanani alangizi a ziweto. Musamugwire m'kamwa.

Munthu amene walumidwa, kapena amene malovu agwera pa chilonda chake, atsuke pamalopo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenaka apite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Queen Elizabeth Central Hospital kapena ku chipatala chaching'ono chapafupi, kuti akayambe katemera. Galu wolumayo, ngati akuoneka wabwinobwino, amasungidwa ndi kuyang'aniridwa kwa masiku 10, koma munthu sadikira masikuwo kuti ayambe kulandira thandizo. Zizindikiro za chiwewe zikayamba, mwa galu kapena mwa munthu, palibe mankhwala. Kuyambira mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma ya ziweto, lakhala likupereka katemera waulere wa chiwewe kwa agalu mu Blantyre, ndipo galu aliyense wopita kutchire ayenera kubayidwa chaka chilichonse, chiphaso chake n'kusungidwa.

Pa poizoni, thamangirani kwa dokotala mutanyamula botolo kapena nyambo yomwe mukuikayikira, yokulungidwa bwino. Mkaka ndi mafuta ophikira sizichotsa poizoni, ndipo kumwetsa mokakamiza galu amene akunjenjemera kumalowetsa madziwo m'mapapo.

## Agalu akuvulala ulendo uliwonse, kapena akusiya nguluwe n'kuthamangira mbuzi

Apa vuto silili m'thupi la galu koma m'kasakidwe.

1. Agalu akugwira nyama m'malo moizinga ndi kuuwa. Ku America, kumene amasaka nkhumba zolowerera kutchire m'madera monga Texas ndi Florida, alenje amasiyanitsa agalu ozinga, monga a mtundu wa Catahoula, ndi agalu ogwira, monga American Bulldog, ndipo ogwirawo amavekedwa zotchinga pachifuwa ndi pakhosi zopangidwa ndi nsalu yolimba kwambiri. Agalu athu achikuda ndi opepuka, opirira kutentha ndi odziwa kuzinda, ndipo mphamvu yawo ili pozinga ndi kuuwa ali chapatali. Kuwalimbikitsa kuti agwire nguluwe yaimuna yolemera ngati munthu wamkulu, opanda chotchinga chilichonse, n'kuwapereka ku imfa.
2. Agalu achuluka. Gulu lalikulu limapanikizana, ndipo wakutsogolo amasowa kothawira nyama ikatembenuka.
3. Ana agalu atengedwa asanakhwime. Galu wosakwana chaka aphunzire kaye kubwera akaitanidwa, kenaka aziyenda pa chingwe pambuyo pa wamkulu wodziwa ntchito.
4. Kulondola nguluwe m'ziyangoyango, m'bango kapena usiku, pomwe galu sangazinde ndipo mlenje sangaone. Yaikazi yokhala ndi ana isiyeni.

Galu wothamangira mbuzi kapena nkhumba za eni amabweretsa milandu kwa amfumu, ndipo amakonzedwa pomuyendetsa pa chingwe pakati pa ziweto tsiku ndi tsiku, kumuletsa nthawi yomweyo akangoyamba kuzilondola ndi kumuyamikira akazisiya. Kumumenya atabwerera pakhomo sikumuphunzitsa kanthu, chifukwa sadziwa chimene akumenyedwera. Amene wapha kale chiweto kangapo asapitenso kutchire.

## Nkhumba za pakhomo zayamba kufa pambuyo pa ulendo wosaka

Chokayikira choyamba ndi chigodola cha nkhumba. Nguluwe ndi njiri zimatha kukhala ndi kachilombo kake osadwala, pomwe nkhumba zoweta zimatentha thupi, kufiira makutu ndi pamimba, n'kufa zambiri m'masiku ochepa. Kachilomboka sikadwalitsa anthu kapena agalu, koma kamayenda pa nyama, magazi, mipeni, nsapato, zovala ndi mafupa omwe agalu amakokera pafupi ndi khola, ndipo kamakhalitsa mu nyama yowamba kapena yofutsa. Matenda ena a nkhumba ndi poizoni zimathanso kupha mwadzidzidzi, koma zimenezo azisiyanitse ndi alangizi.

- Nyama ya nguluwe isasendedwe kapena kutsukidwa pafupi ndi khola, ndipo madzi otsukira ndi zotsala zake zisapite kwa nkhumba.
- Wochokera kosaka asambe ndi kusintha zovala ndi nsapato asanalowe m'khola.
- Agalu asambitsidwe ndipo asafike kumene nkhumba zimadyera.

Nkhumba ikangofa mokayikitsa, dziwitsani alangizi a ziweto tsiku lomwelo, pakuti chigodola chilibe mankhwala ochiza ndipo chimafala mudzi wonse. Musaphe zotsalazo kuti mukagulitse nyama ku msika wa Lunzu kapena kwa ootcha m'misewu, musasamutsire nkhumba kwa achibale, ndipo zakufazo zikwiriridwe m'dzenje lakuya lomwe agalu sangafukule.